Chimene Ndimakwerera Mapiri, Amayi

Nsungwi, Area 25
Lilongwe
Lamulungu, 8 Juni

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi moyo wanu. Mukudzuka bwanji ndi kuzizira kwa ku Ntcheuko? Bondo lija likukulolani kufika kudimba, kapena mukungolamula muli pamkeka ngati chaka chatha? Luntha anandiuza kuti chifuwa chinakugwirani sabata ziwiri koma munakana kupita kuchipatala. Amayi, mandimu ndi masamba a bulugamu zili ndi malire ake. Kuno tili bwino, ine ndi mkamwini wanu a Rodgers, ngakhale ndikudziwa kuti mawu akuti bwinowa simukuwakhulupirira.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Foni yanu mumaiika pokweza mawu, ndiye ndikamayankhula nanu ndimakhala ndikuyankhulanso ndi Luntha, ana ake, ndi aliyense wobwera kudzapala moto. Izi ndikufuna muwerenge nokha, mutavala magalasi anu aja. Kalatayi ndipatsira mayi wina wa pamsika pano amene amakapikula kachewere ku Lizulu, ndipo akusiyirani pagolosale ya a Zebedee.

Lachinayi amalume a Luckson anandiimbira. Anati Loweruka la pa 21 akwera basi kubwera kuno monga nkhoswe, kudzatikhazika pansi ine ndi a Rodgers, ndipo mwawatuma ndinu. Nditafunsa mlandu wake, anati ndisawapusitse chifukwa chithunzi anachiona ndi maso awo. Mwana wa mlongo wawo ali pamwamba pa phiri la Bunda, manja m'mwamba, maso otseka, thupi litatha, kumbuyo kwake anthu ovala zoyera atagwada. Anati mkazi sakwera phiri kukasala kudya ngati m'nyumba mwake muli mtendere. Anawonjezera kuti kumudziko zamveka kale zoti apongozi anga a ku Rumphi akundipanikiza pa nkhani ya mwana chifukwa anapereka ng'ombe, ndiponso kuti a Rodgers akufuna kutenga mkazi wina.

Poyamba ndinaseka. Kenako ndinapsa mtima moti tsiku limenelo ndinasoka kolala ya diresi la mwini chozondotsa. Tsopano mtima watsika, chatsala ndi mantha. A Rodgers sindinawauze chimene amalume akubwerera, ndipo sindikufuna kuti adzachimve.

Tiyeni tiyambe ndi chithunzicho, popeza ndi chimene chabutsa fumbi. Paphiripo ndinalidi, sindikukana. Manja anali m'mwamba chifukwa tikafika pamwamba mtsogoleri wathu amatiuza kuti tiwongole msana tisanakhale pansi. Maso ndinatseka chifukwa cha mphepo. Anthu ovala zoyerawo sindikuwadziwa ngakhale mmodzi. Pa Bunda sipasowa opemphera, ena amakhalako masiku angapo, ife timangowapatsa moni n'kuwalambalala. Za kusala kudya ndiye musatchule n'komwe. Wojambulayo akanatsitsa foni pang'ono, mukanaona mbatata yophika, mazira awiri ndi chigumu zili pachitenje, ndipo zonsezo ndinamaliza ndekha.

Si amalume okha amene anasokonezeka. Tsiku lomwelo mayi wina wa gulu lopempheralo anatiyandikira n'kufunsa kuti tabwera ndi vuto lanji. Titamuuza kuti tangobwera kudzakwera phiri, anatiyang'ana mmodzimmodzi kuyambira kumapazi, n'kunena kuti ngati zili choncho vuto lathu ndi lalikulu kuposa lake. Anatipempherera pomwepo osatifunsa, ife tinangovomera ameni. Mpingo sindinasiye, Amayi. Lero lomwe ndachokera kutchalitchi, ndipo kalatayi ndikulemba ndisanavule nduwira.

Gulu lathu ndi la amayi okhaokha, tikakwana timakhala khumi ndi anayi. Ena ndi a kuno ku 25, ena a ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku 23. Timapita kawiri pamwezi, tsiku Loweruka, ndipo timakumana kudepoti dzuwa likungotuluka. Makondakitala atizolowera. Akangotiona ndi zikwama kumsana amakuwa kuti afika amayi opanda zochita aja, koma amalimbirana kuti tikwere minibasi yawo.

Wotitsogolera ndi Mwiza, namwino wa ku Mzimba, msinkhu wanga womwewu koma pakamwa ngati mphunzitsi wamkulu. Malamulo ake ndi atatu: aliyense anyamule madzi ake, palibe kusiya pepala paphiri, ndipo wotsalira sasiyidwa. Wina akayamba kudandaula za miyendo, Mwiza amamuuza kuti pang'onopang'ono ndi mtolo, ngakhale iye mwini amayenda ngati wasiya mkaka pamoto.

Mnzanga weniweni ndi a Mwanamisi, a ku Mangochi, amene amagulitsa usipa ndi utaka mumsika wa Kawale. Ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, amakwera atafunda mpango wawo wa Chisilamu, ndipo sindinawamvepo akupumira m'mwamba. Nthawi ya swala ikakwana amayala kamkeka kawo pamwala, ife timakhala chete mpaka amalize. Chithunzi chija anajambula ndi iwowo. Nditawauza mavuto amene chabweretsa anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ulendo wina adzandijambula dzira lili mkamwa kuti akwathu akhutire.

Ndikudziwa zimene mukunena mumtima. Mukuti anthu a m'tauni zawakwana, akulipira galimoto kukachita zimene inu munkachita mukulira. Ndi zoona. Ndikukumbukira mukutsika phiri la kwathu mtolo wa nkhuni pamutu, Luntha kumsana, ine ndikukutsatirani ndi timitengo tanga tiwiri. Koma mundiyankhe chilungamo: pa zaka zonsezo, munaimapo tsiku limodzi pamwamba paja n'kuyang'ana uku ndi uko popanda chokuthamangitsani? Ine sindinakuoneni. Maso anu ankakhala pa nkhuni ndi panjira, ndipo nanenso ndinakula ndikudziwa kuti phiri ndi malo a ntchito.

Ku Nkhoma ndi kumene ndinadziwira kuti ndili ndi mawondo. Kumunsi njira ndi yabwinobwino, umadutsa m'minda anthu akukupatsa moni, koma chakumapeto umakwera ndi manja omwe, mimba itagunda mwala. Ndinaterereka pamalo ena n'kusupuka chigongono, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu cha kuphazi chinada mpaka chinachoka. Pamwamba pake ndinaona mishoni yonse ili pansi pathu, ndi tchalitchi chimene munkatisimbira kuti munakaimbako ndi amayi a Chigwirizano ine ndisanabadwe. Ndinachiloza n'kuuza anzanga kuti mayi anga anaimba mmenemo, ngati kuti munamanga ndinu.

Ku Dedza kulibe zokwawa, msewu wake umakwera mokhotakhota m'mitengo ya paini, koma kuzizira kwake n'kwa kwathu komweko. Anzanga a kuchigwa ankanjenjemera, ine ndikuyenda monyada ngati mwini dziko. Kunyadako kunatha pamene nyani anatsika mumtengo n'kutenga nthochi zanga ndili chiyang'anire. Chakufupi komweko, ku Chongoni, tinakaona zojambula zakale za m'mapanga. Wotilondolera anati zina mwa izo anajambula ndi amayi pophunzitsa anamwali. Tinakhala nthawi yaitali pamenepo, ndipo Mwiza anati ndiye kuti si ife oyamba kubwera kuphiri popanda amuna.

Kumene ndimakonda kwambiri ndi ku nkhalango ya Dzalanyama. Kumeneko sitikwera kwenikweni, timayenda mumthunzi kutsata mtsinje, ndipo ulendo wina tinabwereka njinga. Ndinali ndisanapalase kuyambira ndili kusekondale, koma miyendo siiwala. A Mwanamisi sanapalasepo chibadwire. Tinawagwirira kumbuyo ngati mwana, anagwa kawiri m'tchire, kachitatu anapita okha mpaka kukhota, akutikuwira kuti tiwauze poimitsira. Titatopa tinaviika mapazi m'madzi ozizira, oyera moti umawerenga timiyala ta pansi. Sindinakhulupirire atandiuza kuti madzi omwewo ndi amene amadzafika m'tauni muno ali ofiira.

Za thalauza ndikudziwa kuti zakukhudzaninso, ngakhale amalume anachita manyazi kutchula. Timavaladi, chifukwa pamwala siketi imakuchititsa manyazi kuposa thalauza. Koma mumsewu ndi m'midzi timamanga chitenje pamwamba, timachimasula tikadutsa nyumba yomaliza. Yanga ndinasoka ndekha, ya nsalu yolimba, ndi thumba la zipi loikamo foni. Anzanga ataiona anayamba kuitanitsa zawo, ndipo tsopano amayi a magulu ena akundipeza pakhonde langa ku Nsungwi. Mwezi wa Ogasiti tikufuna kupita ku Mulanje masiku atatu, kukagona m'nyumba za m'phiri momwemo. Musayambe kuda nkhawa ndi za ku Sapitwa, tagwirizana kuti chaka chino tikangokuona chapatali.

Zina za kuno ndi zomwe mukuzidziwa. Madzi amabwera m'mipopi akafuna, magetsi nawo chimodzimodzi, mwayi makina anga ndi opalasa ndi mapazi. Fumbi layamba kale. Nkhuku zitatu munandipatsa zija imodzi inagwidwa ndi galu wa aneba, ziwiri zikuikira.

Tsopano ndifike pa zimene ndakhala ndikuzizungulira. Munalondola kuti panali china chake, Amayi. Diso lanu silinakunamizeni. Munangolakwitsa pa munthu.

Mwezi wa Novembala chaka chatha ndinapita padera kachiwiri. Inali ya miyezi inayi. Ulendo woyamba uja munabwera n'kukhala nane, koma uno munali mutangotuluka m'chipatala ndi vuto lanu la kuthamanga kwa magazi, ndiye ndinaletsa a Rodgers kuti asakuuzeni. Iwo anakana, anati mayi sabisiridwa zotere. Ndinawaumiriza mpaka anagonja. Ngati pali wolakwa pa kubisako ndi ine, ndipo mundikhululukire.

Nditatuluka m'chipatala ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Makina ndinawafunditsa nsalu. Khirisimasi inadutsa, anthu akubwera ndi nsalu zawo n'kubwerera nazo. Sikuti ndinkalira ayi, ndinkangokhala. Chakudya chinkandinunkhira ngati sopo. Kuonda kumene munaona pachithunzi kunachokera kumeneko, ndipo mukanandiona mu Januwale mukanati pachithunzipo ndanenepa.

Miyezi itatu yonseyo a Rodgers ankaphika asanapite kokonza mafiriji, pobwera n'kupeza chakudya chili momwe anachisiyira. Sanandikalipire ngakhale kamodzi. Ankachapa zovala zanga n'kukaziyanika panja masana, amuna anzawo pano akuwaseka kuti anadyetsedwa khuzumule. Munthu amene mukufuna kumuzenga mlanduyo ndi ameneyu.

Nkhani ya ng'ombe siinangochokera m'mutu mwa anthu, ndivomere. Azakhali awo a ku Rumphi anaimbadi foni. Ndinali kuchipinda, chitseko chili chotsegula, ndipo Chitumbuka ndimachimva tsopano kuposa momwe iwo amaganizira. Azakhaliwo anati zaka zisanu ndi chimodzi zakwana, kumudzi kuli atsikana. A Rodgers anayankha mwaulemu wonse kuti ng'ombe zija anapereka kuti atenge Thokozire, sanagule mimba, ndipo ngati nkhani ndi imeneyo asadzaimbenso. Kuyambira tsiku limenelo azakhaliwo sawayankhula. Munthuyu anataya abale ake chifukwa cha ine, ndipo mpaka lero sakudziwa kuti ndinamva.

Za mapirizi anayambitsa ndi iwonso. Mwiza timapemphera naye, ndipo a Rodgers anakamufunsa kuti atani ndi mkazi amene akuzima akumuona. Mwiza anati ambweretse Loweruka. Iwo anapita pakaunjika kukandifunira nsapato atanyamula patapata wanga mmodzi m'thumba kuti akayezere. Anabwera ndi nsapato zolemera zofiirira, n'kuziika pakhomo la chipinda. Ndinawauza kuti sindine wamisala woti ndizikwera mapiri. Anati ndipite kamodzi kokha, ndikakapanda kukonda adzazivala okha ngakhale zikuwathina. Loweruka anandiperekeza mpaka kudepoti n'kundipereka kwa Mwiza ngati mwana woyamba sitandade wani.

Tsiku limenelo tinapita ku Bunda komweko. Titafika pakati pa phiri miyendo inakana, ndinakhala pamwala, ndipo misozi imene inandikanika miyezi itatu inabwera yonse. Ena anapitirira pang'ono kuti asandichititse manyazi. A Mwanamisi, amene ndinali nditangowadziwa m'mawa womwewo, anakhala pambali panga n'kuyamba kusenda lalanje. Sanandifunse chilichonse. Nditatonthola anandipatsa theka, n'kundiuza kuti iwo anaika ana atatu m'manda, ndipo phirili silitha ngati tikhala pansi. Tinanyamuka.

Pamwamba pake ndinaona minda, madambo, misewu, tauni ili kutali ngati phulusa, anthu akupitiriza moyo wawo mbali zonse. Sindinganame kuti ndinaona masomphenya. Chimene chinachitika n'chakuti ndinamva njala. Njala yeniyeni, Amayi. Ndinadya zanga, ndinadyanso za Mwiza. Nditafika kunyumba ndinafunsa a Rodgers ngati kwatsala ndiwo, iwo anatembenukira kukhoma kuti ndisaone nkhope yawo. Lolemba lake ndinavundukula makina.

Chithunzi chija ndi cha ulendo wachinayi wa ku Bunda, mwezi watha. Ndinatumizira Luntha chifukwa ndinkanyadira, ndinkafuna muone kuti mwana wanu ali ndi mphamvu. Sindinaganize kuti kwa munthu amene sakudziwa chiyambi chake chidzaoneka ngati kulira. Za mwana sindinaziiwale. Ndimazifunabe, ndipo masiku ena zimandipweteka ndikamasoka timadiresi ta ana a eni. Koma ndikudya, ndikugona, ndikuseka, ndipo Mwiza akandiyeza amati zonse zili m'malo mwake. Ndili pamtendere kuposa zaka zonse zimene ndakhala m'tauni muno.

Pempho langa ndi limodzi. Aitaneni amalume, muwauze kuti mlandu palibe. Kubwera abwere, nyumba ndi yawo, koma abwere ngati mlendo. Mawu akuti mitala, ng'ombe, kapena kuzunza asatuluke pakamwa pawo, ngakhale mocheza. Mukuwadziwa amalume, akayamba kuyankhula saona nkhope ya munthu. Mukuwadziwanso a Rodgers. Sadzayankha, adzakhala pansi manja ali pamawondo n'kumvetsera mpaka kumapeto, adzathokoza, adzawaperekeza kudepoti. Koma kuyambira pamenepo adzadziwa kuti akwawo anawataya chifukwa chondiikira kumbuyo, ndipo akwathu amawayesa ozunza. Madzi akatayika saoleka. Zimenezi ine sindingathe kudzazikonza, ndipo inu nokha ndi amene amalume amakumverani.

Zina zonse zimene ndalemba muno musunge mumtima. Ngati mukuona kuti amalume sangamve popanda kuwauza za Novembala, auzeni, koma iwo okha.

Mundiperekere moni kwa Luntha, mumuuze kuti sindinamukwiyire, chithunzi ndinatumiza ndine. Moni kwa alamu anga ndi ana onse, kwa azakhali a kumunsi kwa dambo, kwa amayi aang'ono, ndi kwa amayi a Chigwirizano amene ndamva kuti ayamba kale kundipempherera. Asasiye, angosintha mutu wa pemphero. Amalume muwapatsenso moni, muwauze kuti ndikudziwa kuti achita zonsezi chifukwa chondikonda.

A Rodgers akupereka moni wambiri, akuti bondo lija muzilithowa ndi madzi otentha m'mawa. Ndinawauza zoti amalume akubwera pa 21, basi zokhazo, ndipo akondwa ngati kukubwera bambo awo owabala. Akuti chikwatirane chathu amalume sanapondepo pakhomo pano, uwu ndi ulemu waukulu. Akana kale ntchito zonse za Loweruka limenelo, abwereka matiresi, ndipo dzulo abwera ndi tambala wamkulu wofiira amene amumangirira kumpanda. Mmene ndikulemba pano ali panja akumuwazira gaga kuti anenepe.

Mundiyankhe lisanafike Lachisanu la pa 20, Amayi, kuti ndidziwe ngati tambalayu tikuphera mlendo kapena woweruza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Thokozire